Khasu ndi Kabuku: Zimene Ophunzira a ku Yunivesiti Amapeza pa Famu, ndi Zimene Amatisiyira

Mnyamata wina anafika pano m'mwezi wa Ogasiti atanyamula cikwama, kalata yocokera ku sukulu kwao, ndi majombo atsopano amene anali asanapondepo matope. Anali m'caka cacitatu ca maphunziro a zaulimi, ndipo nkhani ya ulimi wa m'maenje anaidziwa bwino lomwe. Kapitao wa kumunda atamfunsa miyeso yake, anayankha mosadodoma: dzenje likhale masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi, ndi 20 kuya kwake, mizere italikirane masentimita 90, ndipo maenje a mumzere umodzi atalikirane masentimita 70. Anaonjezanso kuti pa lima imodzi, imene ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, pamalowa maenje pafupifupi 4,000.

"Mwakhoza, mwana wanga," anatero kapitao uja, nampatsa khasu ndi cingwe coyesera. "Tsopano tiyeni tikawaone maenjewo."

M'Ogasiti nthaka imakhala itauma gwa. Pofika nthawi ya nsima ya masana, mnyamatayo anali asanatsirize mzere waciwiri, m'manja muli matuza okhaokha, pamene lima yonse ili ndi mizere 55. Atakhala pansi pamthunzi, kapitao anamfunsa mofatsa: "Mukadzakhala mlangizi, n'kupeza mai wamasiye wa ana anai, mudzamuuza kuti ayambe liti kukumba lima yake?"

Mnyamatayo anayang'ana manja ake kanthawi. "Atate, ndidzawauza kuti ayambe akangotha kukolola, nthaka isanaume, azikumba pang'onopang'ono m'mawa uliwonse."

Mau amenewa analimo kale m'mabuku ake, ndipo mwina anawalembapo pa mayeso. Koma tsiku limenelo ndi pamene anamvetsa cifukwa cake. Apa ndiye pagona phindu la nyengo imene ophunzira amakhala pa malo a nchito, imene iwo eni amaicha attachment.

Amabwereranji?

M'dziko muno maphunziro a zaulimi amaperekedwa m'masukulu angapo: ku University of Zambia ndi ku Natural Resources Development College mu Lusaka, ku Mulungushi University ku Kabwe, ndi ku Zambia College of Agriculture ku Monze ndi ku Mpika, kungochulako ocepa. Masukulu otere amafuna kuti wophunzira, asanalandire pepala lake lotsiriza, akakhale masabata angapo kapena miyezi pa malo pamene nchito yeniyeni ikucitika. Malo amene angamlandire ndi osiyanasiyana: malo a kafukufuku monga Msekera kufupi ndi Chipata ndi Mount Makulu ku Chilanga, mafamu akuluakulu a ku Mkushi ndi ku Chisamba, makampani a mbeu, maofesi a zaulimi a m'maboma, ndiponso malo ophunzitsira alimi a mipingo, monga Kasisi, amene ansembe a Cijezuiti anayambitsa mu 1974, Chipembi, ndi malo ngati athu ano.

Owerenga ena angafunse kuti nkhani ya ana a ku yunivesiti ikumkhudza bwanji mlimi wa kumudzi. Ikumkhudza kwambiri. Unduna wa Zaulimi unagawa boma lililonse m'mabuloko ndi m'makampu, ndipo kampu iliyonse iyenera kukhala ndi mlangizi wake, amene amayang'anira midzi yambiri. Wophunzira amene lero akudabwa ndi kulemera kwa khasu ndi yemweyo amene mawa adzaima pansi pa mtengo kuuza anthu tsiku lobzala, mtundu wa mbeu, ndi mankhwala ogula. Wina adzagulitsa mbeu m'sitolo, wina adzaona za ngongole za alimi, wina adzakhala m'gulu lopanga malamulo a zaulimi ku Lusaka. Mlangizi akalakwitsa, malipiro ake amabwerabe pakutha kwa mwezi. Koma mlimi akatsata uphungu wolakwika, nkhokwe imakhala pululu mpaka caka camawa. Cotero masabata ocepa amene wophunzira amakhala pakati pathu ndiwo mpata umene alimi ali nao woumba alangizi ao a m'tsogolo. M'mera mpoyamba.

Zimene kalasi siingaphunzitse

Coyamba cimene wophunzira amapeza ndi kulemera kwa nchito ndi kufupika kwa nthawi. Pa pepala, kupalira lima ndi mzere umodzi wa mau. Kumunda ndi masiku angapo a msana wowerama, ndipo masikuwo amagwa m'Januwale, pamene nkhokwe zambiri zatha, ndipo anthu ena akusiya minda yao kukagwira ganyu kwa anzao kuti ana adye. Amene waona zimenezi ndi maso ake sadzathamangira kunena kuti alimi ndi aulesi.

Caciwiri ndi kumvetsera. Wophunzira amafika akudziwa kuti kucedwa kubzala cimanga kumacepetsa zokolola, ndipo n'zoona. Cimene sadziwa ndi cifukwa cimene mlimi wacedwera. Mwina alibe ng'ombe, ndipo amadikira kuti mwini ng'ombe atsirize munda wake. Mwina m'mudzi munali maliro m'sabata imene mvula yobzalira inagwa. Mwina mbeu ndi fataleza zinafika mocedwa. Cimodzimodzi ndi mai amene amasungabe cimanga ca makolo pambali pa ca haibulidi: si kuti sanamve za mbeu zatsopano ai. Cimanga ca makolo n'colimba, cimakonoka bwino mumtondo, ndipo anankafumbwe saciboola msanga. Yankho lotere silipezeka mwa kugawira anthu mapepala a mafunso, koma mwa kukhala nao pa mphasa, kutola nao nshawa, ndi kufunsa modzicepetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cacitatu ndi cinenero. Maphunziro onse amacitika m'Cingelezi, koma mlimi amalima m'Cinyanja, m'Citonga kapena m'Cibemba. Wophunzira amene angalembe masamba atatu ofotokoza za pH ayenera kuphunzira kunena mwacidule kuti nthaka yawawasa, ndipo ifunika laimu. Ayenera kudziwa kufotokoza kuti D Compound amathiridwa pobzala cifukwa amathandiza mizu, ndipo urea amathiridwa cimanga citafika m'mawondo cifukwa amakuza masamba ndi phesi. Miyeso ya makilogalamu pa hekitala ayenera kuitembenuza kuti ikhale ya kacitini, ya meda ndi ya dzanja. Ambiri amavomereza kuti tsiku limene anayamba kuphunzitsa gulu la alimi ndi limene anazindikira zinthu zimene iwo eni sanazimvetse bwino.

Cacinai ndi udindo. Ciweto sicidziwa Sondo kapena holide. Nkhumba ikakweredwa imabereka patapita masiku 114, mbuzi patapita miyezi isanu, ndipo dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21. Amene waiwala kulemba tsiku limene nkhumba inakweredwa adzapeza ana atabadwira m'khola losakonzeka, ena atagoneredwa ndi make. Kulakwa kwa pa mayeso kumacepetsa mamalikisi. Kulakwa kwa m'khola kumasiya mtembo. Wacinyamata amene wasenzapo udindo wotere amabwerera ku sukulu ali munthu wina.

Palinso phindu limene sitikonda kulichula. Ena amazindikira pano kuti ulimi wa m'munda si nchito yao, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi asanatumizidwe ku kampu yakutali kumene akakhale zaka ali wokhumudwa. Enanso amazindikira zosiyana: kuti dimba la tomato ndi anyezi, kapena khola la nkhuku, losamalidwa bwino ndi kulembedwa bwino m'buku, lingawadyetse popanda kudikira kalata ya nchito ya boma. Ndipo pamene nchito zikusowa monga zikusowera masiku ano, kalata ya umboni yocokera kwa munthu amene anakuona ukudzuka mbandakuca kukakama ng'ombe imalemera kuposa mau ambiri okoma a pa pepala lofunsira nchito.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa

Kukanakhala kulakwa kuganiza kuti ife olandira ndife opereka okhaokha. Caka cina tinali titasunga mbeu ya soya yocokera m'munda mwathu, ndipo inkaoneka yabwino ndithu. Mtsikana wina amene anali nafe pa nthawiyo anafunsa amai oyang'anira nkhokwe ngati mbeuyo inayesedwa kameredwe kake. Amaiwo anaseka, nati soya ameneyu timabzala caka ndi caka. Mtsikanayo sanatsutse. Anapempha njere 100, nazikulunga m'saka lonyowa, naliika pamthunzi, namaliwaza madzi tsiku ndi tsiku. Itatha sabata, zimene zinamera sizinafike ndi theka lomwe. Soya sacedwa kutaya mphamvu yomera akasungidwa pamalo otentha, ndipo cipinda cathu ca malata cinali citatentha Okutobala yense. Tikanabzala mbeu imeneyo, tikanazindikira vutolo mvula yobzalira itapita kale. Kuyambira pamenepo, palibe mbeu yosungidwa imene imapita kumunda isanalowe m'saka lonyowa, ndipo amai omwe aja ndiwo amaphunzitsa alimi njirayi.

Ophunzira amabwera ndi cizolowezi coyesa ndi kulemba, cimene ife a kumunda timacinyalanyaza cifukwa ca kuculuka kwa nchito. Wophunzira mmodzi atapatsidwa sikelo ndi kabuku angatiuze ndalama zimene thumba limodzi la cimanga latidyera, kuyambira pa mbeu mpaka pa saka losungiramo, ndipo nthawi zina yankho lake limatiumitsa pakamwa. Wina angalondole mbiri ya mbuzi za m'khola n'kupeza kuti tonde akukwera ana ake omwe, cimene cikucititsa kuti tiana tizibadwa tofooka. Wina angayese cinyontho ca cimanga tisanapite naco ku msika wa Food Reserve Agency, kumene amafuna cimanga couma bwino, kuti tisalipire ngolo pacabe n'kubwezedwa.

Amabweranso ndi nzeru zatsopano. Mbozi ya nchemberezandonda imene imadya cimanga pa mtima inalowa m'dziko muno cakumapeto kwa 2016, pamene ambiri a ife tinali titasiya sukulu kalekale. Ophunzira a masiku ano amaiphunzira m'kalasi. Amadziwa kuyendera munda mokhotakhota, kuima pa malo asanu, kuwerenga mapesi ogwidwa, ndi kuzindikira mazira ndi timbozi tating'ono tisanabisale mumtima wa cimanga mmene mankhwala safika bwino. Amadziwanso kuopsa kwa cuku ca m'nshawa, ndi cifukwa cake si bwino kuwaza madzi pa nshawa pofuna kuti zifewe posenda. Akabwerera, amatisiyira njira yofikira aphunzitsi ao ndi akatswiri a kafukufuku, amene kale tinkangowamvera pa wailesi.

Koma mphatso yao yaikulu ndi funso lakuti, "Cifukwa ciani?" Cifukwa ciani timasiya mitengo ya msangu m'munda pamene ina timadula? Amene wafunsidwa ayenera kufotokoza kuti msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula, kotero suphimba mbeu, ndipo masambawo amadyetsa nthaka. Poyankha, mlimi wakale amazindikira kuti ali ndi nzeru yoyenera kulembedwa. Nthawi zina funso lomwelo limapeza kuti yankho palibe, koma cizolowezi cabe, ndipo pamenepo timakonza. Cilala ca nyengo ya 2023 mpaka 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, cinatiphunzitsa kufunika kwa zolembedwa. Aliyense anaona kuti minda ina inapirira dzuwa kuposa ina. Koma pamene panalibe wolemba tsiku lobzala, mtundu wa mbeu ndi mvula imene inagwa, phunziro la caka cowawa cija linatsala m'nkhani za pakamwa zokha, zimene zimasintha malinga ndi wokamba.

Pamene zinthu zimalakwika

Tisabise mau: si attachment iliyonse imene imapindula. Pali malo amene amaona ophunzira ngati anchito aulere. Wophunzira amapatsidwa cikwakwa tsiku loyamba, n'kumweta udzu mpaka tsiku lotsiriza, popanda womfotokozera kanthu. Kugwira nchito ya manja n'koyenera, koma ngati palibe cimene akuphunzirapo, kumeneko n'kumdyera masuku pamutu. Pali malo enanso amene amacita zosiyana: wophunzira amakhala pa mpando mu ofesi, kuseweretsa foni, kudikira tsiku limene bwana adzadinda buku lake. Onse awiri amabwerera ku sukulu ndi cidindo, koma opanda kanthu m'mutu, ndipo tsiku lina mlimi ndiye adzalipira.

Ifenso tinalakwapo. Tsiku lina tinapatsa wophunzira katemera wa citopa kuti akapereke ku nkhuku za m'midzi iwiri, poganiza kuti munthu wa ku yunivesiti safunika kuuzidwa zambiri. Iye anacita manyazi kufunsa. Anayenda ndi botolo m'thumba la malaya dzuwa lili pamutu, osadziwa kuti katemera ameneyu amafa akatenthedwa. Matenda atabwera, nkhuku za mudzi waciwiri zinafa monga ngati sizinalandire kanthu, ndipo panapita nthawi yaitali kuti anthu a kumeneko akhulupirirenso katemera. Mlandu sunali wa mwanayo ai. Unali wathu, amene tinamtuma yekha tisanamuonetse. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma wamkulu amene saona kuti mwana akuopa kufunsa nayenso ali ndi gawo lake.

Pali zovuta zina zimene ziyenera kukambidwa wophunzira asanakwere basi. Ambiri amacokera m'mabanja amene anagulitsa ng'ombe kapena mbuzi kuti alipire sukulu, ndipo sangathe kulipira nyumba ndi cakudya kwa miyezi iwiri kumalo acilendo. Malo olandira amene sangathe kupereka ndalama ayenera kuyesetsa kupereka pogona, ufa ndi ndiwo za m'dimba. Apo ai, mwai umenewu udzakhala wa ana a olemera okha. Atsikana afunika pogona potsekeka bwino, ndi mai wodziwika amene angamdandaulire ngati wina wa udindo ayamba kuwavuta. Palibe mtsikana ayenera kugula cidindo ca buku lake ndi ulemu wake. Ndiponso kalenda ya sukulu siyenderana nthawi zonse ndi ya munda. Amene wabwera m'cilimwe sadzaona kubzala kapena kupalira. Komabe cilimwe cili ndi maphunziro ake: kukumba maenje, kupanga kompositi, ulimi wa m'dimba, kudyetsa ziweto msipu utauma, kusunga zokolola ndi kugulitsa. Cofunika n'cakuti olandira akonzeretu nchito yoyenera nyengoyo.

Zimene taona kuti zimathandiza

Pa zaka zimene takhala tikulandira ophunzira, taphunzira zinthu zingapo. Wophunzira aliyense akhale ndi munthu mmodzi womuyang'anira, wodziwika ndi dzina, amene adzakhala naye pansi kamodzi pa sabata kuona zimene walemba ndi kumva mafunso ake. Woyang'anirayo safunika digiri. Kapitao amene walima zaka 30 ali ndi zambiri zopereka, malinga akhale woleza mtima.

Masabata oyamba wophunzira azungulire mbali zonse za famu, kumunda, kudimba, kumakola ndi kunkhokwe, akugwira nchito ndi manja ake pamodzi ndi ena onse. Pambuyo pake apatsidwe nchito imodzi yokhala ndi poyambira ndi pothera, imene yankho lake ife tikulifunadi: kuyerekeza mizere yophimbidwa ndi mapesi ndi yosaphimbidwa, kuwerengera phindu la khola la nkhuku, kapena kufufuza cifukwa cimene alimi a mudzi wakuti anasiyira njira imene anaphunzira kuno. Nchito iliyonse yokhudza moyo wa ziweto kapena mankhwala aonetsedwe kaye, kenaka aicite woyang'anira akuona, ndipo pambuyo pake ndiye aicite yekha.

Asanacoke, aime pamaso pa anchito ndi alimi n'kufotokoza zimene wapeza m'cinenero cao, ndipo iwo amfunse mafunso. Lipoti la Cingelezi lipite ku sukulu, koma kope lake litsale pano, kuti wobwera caka camawa ayambire pamene mnzake analekezera. Masukulu naonso acite mbali yao: alembe kalata nthawi ikalipo, anene zimene akufuna kuti wophunzira aphunzire, ndipo mphunzitsi afike ngakhale kamodzi kudzaona mwana wake ali pa nchito. Kutumiza wophunzira ndi kalata yokha, osamlondola, kuli ngati kubzala mbeu n'kudzabweranso tsiku lokolola.

Kwa inu ophunzira amene mukuwerenga nkhaniyi, bwerani ndi zovala zimene simudzalira zikada. Patsani moni aliyense, kuyambira mlonda wa pacipata. Musacite manyazi kunena kuti simudziwa, ndiponso musaope kunena mwaulemu zimene mukudziwa, monga anacitira mtsikana wa soya uja.

Kwa inu alimi amene mumabwera kudzaphunzira kuno, ndi amene timakutumizirani acinyamatawa m'midzi yanu, tikupempha cinthu cimodzi: musawabisire zoona. Akakuuzani njira imene simungaikwanitse, musangovomera ndi mutu kuti mlendo akondwe, kenaka n'kukacita zanu iye atapita. Muuzeni cifukwa cake. Muonetseni nkhokwe, muuzeni za ngongole, mumpatse khasu ayese. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo uyu tsiku lina adzabwera pa njinga yamoto ali mlangizi wa kampu yanu, kapena wa kampu ya ana anu.

Mnyamata wa maenje uja anakhala nafe masabata asanu ndi atatu. Lima yake anaitsiriza pa sabata yacisanu ndi cimodzi, akukumba m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere. M'kabuku kake analemba maenje amene anakumba tsiku lililonse ndi maola amene anatha, ndipo patsiku lotsazikana anawerengera gulu la alimi masiku amene banja la anthu awiri ogwira nchito lingafunike kuti likonze lima imodzi mvula isanagwe. Mai wina wacikulire anamuuza kuti waiwala kucotsapo masiku a maliro ndi a kucigayo. Anthu anaseka, iyenso anaseka, natenga colembera n'kukonza pomwepo. Kope la kabukuko lili mu ofesi yathu, ndipo timaligwiritsa nchito pophunzitsa alimi atsopano za nthawi yoyambira kukumba.